Thyme akundifera nthawi ya mvula kuno ku Mangochi, kodi ndingayale naye pabwalo?

Mayi wa ku Koche:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa bwino za thyme, kachitsamba ka timasamba ting'onoting'ono kamene timathira mu nyama ndi nsomba kaja. Ndili ku Koche, pafupi ndi nyanja. Dothi la pakhomo ndi lamchenga pamwamba, koma mukakumba kupitirira chikhatho chimodzi mumapeza lakuda lomata. Madzi timatunga pa mjigo.

Mbande zimakula bwino nthawi yonse yozizira mpaka Okutobala. Mvula ikangokhazikika mu Januwale, masamba a m'munsi amayamba kuda, nthambi zimauma imodziimodzi kuyambira pakati pa chitsamba, ndipo pomaliza chimazuka ndi zala ziwiri zokha, mizu itatha yonse. Pobzala ndimathira manyowa a ng'ombe ndi Urea pang'ono, kenako ndimaphimbira ndi udzu monga timachitira ndi tomato.

Ndiye chikumupha n'chiyani, ndipo ndisinthe pati? Chachiwiri, pa Facebook ndimaona zithunzi za mabwalo oyalidwa thyme wokwawa wa maluwa ofiirira m'malo mwa kapinga. Kutsogolo kwa khonde langa kuli malo a mamita 6 mulitali ndi 4 mulifupi amene amachita fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Kodi zimenezi zingatheke kuno kotentha? Ndikufunanso kudziwa kakololedwe ndi kaumitsidwe kake kuti fungo lisathe. Zikomo.

Che Dimba wa ku Namwera:

Mayi, zizindikiro mwatchulazo ndi za kuwola kwa mizu. Manyowa ambiri, Urea ndi udzu wophimbira, zonse zitatu zimamukomera tomato koma thyme zimamupweteka, makamaka pa dothi ngati lanulo.

Kwawo kwa thyme wophikirayu, amene pa mapaketi a mbewu amalembedwa kuti Thymus vulgaris, ndi m'mapiri a miyala a ku Spain, kum'mwera kwa France ndi ku Italy, m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Kumeneko mvula imagwa nyengo yozizira, ndipo nyengo yotentha kumakhala kouma gwa. Kuno n'zotembenuka, mvula ndi kutentha zimabwera limodzi. Dothi likakhala lonyowa komanso lofunda, nkhungu zowoletsa mizu monga Pythium ndi Phytophthora zimaswana msanga. Mizu ya thyme ndi yopyapyala kwambiri, ikakhala m'madzi masiku awiri kapena atatu imasowa mpweya, imafooka, nkhunguzo n'kuimaliza. Dothi lanu ndi lonyenga. Madzi amadutsa msanga mumchenga wa pamwambawo n'kukaima pa makande a pansi, ndiye pamwamba pamaoneka pouma pomwe mizu ili m'thawale.

Yesani kaye malowo musanabzalenso. Kumbani dzenje lakuya masentimita 30, mulidzaze madzi, aphwe, mulidzazenso kachiwiri. Ngati madzi achiwiriwo akadalimo patatha maola atatu kapena anayi, thyme sangapulumuke pamenepo nthawi ya mvula pokhapokha mutamukweza.

Musavutike kusakaniza mchenga ndi makande a pansiwo, chifukwa likauma limangolimba kuposa kale. Mangani bedi pamwamba pa nthaka. Zungulizani njerwa mizere itatu kapena inayi kuti likwere masentimita 25 mpaka 30, mulifupi lisapitirire mita imodzi kuti muzifika pakati osaponda. Mzere wa pansi wa njerwa musaumate, siyani mipata kuti madzi azituluka. Dothi lodzazamo likhale lotere: ndowa ziwiri za mchenga wokhakhala wa kumtsinje, ndowa imodzi ya dothi lofiira la katondo kapena la pamwamba m'munda, theka la ndowa ya kompositi wowolerana bwino, ndi theka la ndowa ya zidutswa za njerwa zootcha zoswedwa kukula ngati chala chachikulu. Mchenga wosalala kwambiri suthandiza, umatsekeka mvula ikawomba. Thyme sadana ndi dothi la layimu, ndiye phulusa la nkhuni lodzaza dzanja limodzi pa sikweya mita, kamodzi pa chaka, ndi lokwanira. Pakati pa bedi pakhale potumphuka pang'ono kuti madzi azitsetserekera m'mbali.

Urea musiyeni ndithu. Amakulitsa nthambi zofewa, zazitali, za madzi ambiri, zomwe zimagwa pansi n'kuwola, ndipo fungo limachepa chifukwa mafuta onunkhira amachuluka pamene chitsamba chikukula pang'onopang'ono pa dothi losauka. Kompositi uja mwasakaniza pobzala amakwanira chaka chathunthu.

Za kuphimbira, udzu umasunga chinyontho pakhosi pa chitsamba, pamene tsinde limakumana ndi dothi, ndipo ndi pomwe kuwola kumayambira. Umaitananso chiswe. Phimbirani ndi timiyala ta kwale kapena njerwa zoswa, zochindikala masentimita awiri kapena atatu, mpaka pansi pa nthambi. Mvula ikawomba pamiyala sithimbiriritsa masamba ndi matope, ndipo pakhosi pamauma msanga.

Nthawi yobzala kwa inu a kunyanja ndi kumapeto kwa Epulo mpaka Juni, mvula itatha. Chitsamba chimakhala ndi miyezi yozizira yozika mizu chisanakumane ndi dzuwa la Okutobala ndi Novembala lomwe limapitirira madigiri 35. Talikitsani masentimita 30 pakati pa chitsamba ndi chinzake kuti mphepo izidutsa. Mbande isalowe pansi kuposa mmene inalili m'chubu.

Malo abwino ndi a kum'mawa kwa nyumba, kumene dzuwa limawomba kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 1 koloko masana, kenako khoma n'kupereka mthunzi. Thyme amafuna dzuwa maola osachepera asanu ndi limodzi. Pansi pa mtengo wa mango kapena wa nimu amatalika monyozoloka, fungo lake n'kukhala lochepa. Kuno ku Namwera kumtunda amapirira dzuwa la tsiku lonse chifukwa usiku kumazizira, koma kwa inu mthunzi wa masanawo ndi wofunika.

Pothirira, lowetsani chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Mukamva chinyontho, dikirani. Pakauma thirirani mokwanira, m'mawa, pansi pa chitsamba osati pamasamba. Milungu itatu yoyamba muthirira pafupipafupi, pafupifupi tsiku lililonse lachiwiri. Akagwira, kawiri pa mlungu m'nyengo yozizira, mwina katatu mu Okutobala. Kuthirira madzulo kumagoneka chitsamba chonyowa usiku wonse.

Chomaliza, chimene ndikuona kuti n'chofunika kuposa zonse kwa inu: kuyambira kumapeto kwa Disembala mpaka Malichi, mutchingireni mvula. Zikani mitengo inayi, muike pepala la pulasitiki loonekera mkati pamwamba, mita imodzi kuchokera pabedi, lopendekeka, m'mbali monse mosatseka. Mukatseka m'mbali mwamuphika. Musanaike denga limeneli, chotsani nthambi zina zapakati kuti chitsamba chikhale chopepuka. Ngati mukufuna thyme wa pakhomo chabe, miphika itatu kapena inayi ndi yosavuta kuposa bedi, chifukwa mvula ikachuluka mumangoikokera pakhonde, kutali ndi pamene madzi a malata amagwera.

Mlimi wa Maluwa, Monkey Bay:

Che Dimba afotokoza bwino za mizu, ine nditenge funso la pabwalo. Mayi, musayale thyme pa malo onsewo. Mutaya ndalama ndi mphamvu.

Wa pazithunzi uja ndi mtundu wina, Thymus serpyllum, wokwawa, amene amakwera masentimita 5 mpaka 8 okha ndipo nthambi zake zimazika mizu paliponse pamene zakhudza dothi. Ndi wa ku Ulaya, amamera mpaka kumayiko ozizira a kumpoto, ndipo zithunzi zambiri mukuonazo zimajambulidwa m'milungu yochepa imene wachita maluwa. Pa kutentha konyowa ndi wofooka kuposa wophikira uja, chifukwa amayalana mothinana pansi penipeni, mpweya sudutsa, ndipo mvula ya masiku angapo otsatizana imasiya zigamba zakuda pakati. Chigamba chikangotseguka, udzu ndi dawe zimalowamo, ndipo kuzula dawe pakati pa thyme osazula thyme yemweyo ndi ntchito yosatha.

Tiwerengenso mbande. Malo anu ndi masikweya mita 24. Potalikitsa masentimita 25 pamafunika mbande 16 pa sikweya mita, zonse pamodzi 384. Kuti zikumane n'kutseka dothi pamapita chaka kapena kupitirira, muli kupalira ndi manja. Ndipo bwalo lonselo mungafunike kulikweza ndi dothi la mchenga monga afotokozera Che Dimba, popeza mwanena nokha kuti pamachita matope. Denga la pulasitiki pabwalo lonse silingatheke. Sapiriranso kupondedwa tsiku ndi tsiku, kuponda kwa apo ndi apo kokha. Pakhomo pa ana, nkhuku zopalasa ndi mbuzi zotayirira m'chilimwe, sakhalitsa. Akachita maluwa njuchi zimadzazapo, zomwe n'zabwino kumunda wa maungu koma osati pamene ana amayenda opanda nsapato.

Chimene chingatheke ndi ichi. Yalani njira yochokera pakhonde ndi miyala yafulati kapena njerwa zootcha, pamwamba pa mchenga wokhakhala wochindikala masentimita 15, njirayo ikwere pang'ono kuposa bwalo. Siyani mipata ya masentimita 5 mpaka 8 pakati pa miyala, mudzazemo dothi losakaniza lija, mubzalemo thyme wokwawa motalikitsa masentimita 20. Phazi limagwera pamwala, thyme amangokhudzidwa m'mbali n'kutulutsa fungo. Yambani ndi mita imodzi kapena awiri, muone mmene adutsire Febuluwale, kenako muwonjezere ndi zogawa kuchokera pa omwe apulumukawo. Malo ena amene amachita bwino ndi pamwamba pa khoma lalifupi la miyala, pomwe nthambi zimalendewera ndipo madzi saima.

Pa malo otsalawo bzalani zomwe zimakonda kwathu kuno. Ngati ndi poyendapo anthu, kapinga alibe mnzake: mumabzala timizu motalikitsa masentimita 20 mvula ikayamba, pofika Malichi watseka. Ingomuikirani malire a njerwa zozikidwa masentimita 20 pansi kuti asalowe mu thyme, chifukwa akalowa amamumeza. Ngati ndi posayendapo ndipo mukufuna maluwa, Portulaca, timaluwa ta masamba onenepa timene timatseguka dzuwa likakwera tija, amakonda mchenga ndi kutentha ndipo kanthambi kalikonse kothyoka kamamera. Mbatata nayonso imatseka dothi msanga nthawi ya mvula, mukumadya kholowa. Pamene madzi a padenga amathamangira, mzere wa vetiva umagwira dothi kuposa zonsezi.

Amene muli pafupi kwambiri ndi gombe kumbukirani mmene nyanja inakwerera mu 2024, madzi mpaka kulowa m'malo ogona alendo ambiri m'mbali muno. Madzi a pansi pa nthaka amakwera limodzi ndi nyanja, ndiye dimba limene kale linali louma limatha kusanduka lowe ngakhale mvula isanagwe yambiri. Pa malo otere thyme akhale wa m'miphika basi.

Mayi wa ku Koche:

Zikomo kwambiri Che Dimba ndi achimwene a ku Monkey Bay. Za bwalo ndamva, ndiyamba ndi kanjira kokha. Nanga mbewu? Ndiyambe ndi njere za m'paketi kapena pali njira ina? Komanso pali mayi wina akugulitsa chomera cha masamba akuluakulu onenepa, a ubweya, akuti ndi thyme, ndipo fungo lake likufananadi. Ndi yemweyo?

Che Dimba wa ku Namwera:

Si yemweyo mayi, koma mugule. Chimenecho ndi Coleus amboinicus, mabuku ena amalemba Plectranthus amboinicus, ndipo chimadziwikanso ndi mayina a Indian borage, Cuban oregano kapena Spanish thyme. Chili m'banja limodzi ndi thyme, minti ndi mpungabwi, ndipo mafuta ake onunkhira ndi ofanana, n'chifukwa chake mphuno imasokonezeka. Chimenechi ndi cha kumalo otentha. Mumathyola nsonga ya masentimita 15, kuisiya tsiku limodzi pamthunzi kuti bala liume, kuizika mumchenga, ndipo pa milungu iwiri yagwira. Chimapirira mthunzi pang'ono, chimayanga n'kutseka dothi, ngakhale chimakwera kufika m'mawondo ndipo sichipondeka chifukwa nthambi zake zimathyoka. Nachonso chimawola pa malo a lowe, koma nyengo ya mvula chimaidutsa mosavuta kuposa thyme weniweni. Mukakhala nazo zonse ziwiri simusowa chothira mumphika.

Za njere, zimamera koma zimafuna kuleza mtima. Ndi zazing'ono kuyandikira za fodya, ndiye zisamaleni mofanana ndi nazale ya fodya. Fesani mu Epulo kapena Meyi m'beseni lobowola pansi, pa mchenga wosefa wosakaniza ndi kompositi pang'ono. Musazikwirire, ingozikanikizani ndi chikhatho chifukwa zimafuna kuwala kuti zimere. Musathire ndi kheni, madzi amazikokolola. Ikani besenilo m'madzi osaya kuti dothi limwe kuchokera pansi, kenako mulichotse likhe. Zimatenga milungu iwiri mpaka inayi. Zikamera mothinana zimagwa pakhosi n'kufa tsiku limodzi, choncho patulirani msanga ndipo muchepetse madzi. Muziwokera zikafika masentimita 6 mpaka 8, patatha pafupifupi miyezi iwiri. Onani tsiku pa paketi, njere zogonera zaka zingapo m'sitolo yotentha sizimera bwino.

Njira yachangu ndi yodula nthambi, pakati pa Meyi ndi Julayi. Sankhani nthambi yopanda maluwa, yobiriwira kunsonga koma yayamba kulimba kumunsi, mudule masentimita 8 mpaka 10 pansi pa mfundo. Pululani masamba a theka la kumunsi, muzike thekalo mumchenga wokhakhala wonyowa wopanda manyowa. Ikani pamthunzi wowala, potchingika ku mwera, chifukwa mphepo imeneyi imaumitsa timitengo tisanatulutse mizu. Pa milungu itatu mpaka isanu mukakoka pang'ono mumva kuti kagwira. Zikani timitengo tochuluka kuposa mbande zimene mukufuna popeza tina timafa. Ngakhale thyme wamuwisi wa m'mashopu akuluakulu a ku Blantyre kapena Lilongwe amatha kumera ngati sanafote. Thyme wa fungo la mandimu, Thymus citriodorus, amachulukitsidwa ndi nthambi basi, njere zake sizibereka wofanana ndi kholo.

Yosavuta kuposa zonse ndi kugoneka nthambi. Pindani nthambi ya m'mbali mpaka ikhudze dothi isanadulidwe, muipanikize ndi kawaya kopinda kapena kamwala, muikwirire pang'ono pakati, nsonga ikhale kunja. Patatha mwezi ndi theka yazika mizu, mumadula n'kuwokera. Chitani zimenezi chaka chilichonse, chifukwa thyme akakalamba amasanduka mitengo yokhayokha pakati, masamba kunsonga kokha. M'mabuku amati zaka zitatu kapena zinayi, koma kumalo otentha ngati kwanuko ndi bwino kukhala ndi mbande zatsopano chaka ndi chaka.

Miphika ikhale yadothi, yotakata masentimita 25 mpaka 30, yobowola pansi bowo lolowa chala chachikulu, yokhazikidwa pa njerwa ziwiri kuti bowolo lisatsekeke. Musaike mbale pansi pake. Machubu akuda ndi zigubu za pulasitiki zimatentha kwambiri mu Okutobala mpaka kupsereza mizu ya m'mbali. Ngati madzi a mjigo wanu ali ndi kamchere, muona choyera m'mphepete mwa mphika ndi nsonga za masamba zopserera. Kamodzi pa mwezi thirani madzi ambiri, a mvula kapena a m'nyanja, mpaka atuluke pansi kuti atsuke mcherewo.

Wophika wa ku Chembe:

Mayi, ine ndiyankhe za kukolola ndi mphika.

Musayambe kudula chitsamba chisanafike masentimita 15. Chikafika, tsinani nsonga pafupipafupi, zimachititsa kuti chiphuke nthambi zambiri. Kukolola kwakukulu chitani maluwa atatsala pang'ono kutseguka, ndi pamene fungo limakhala lamphamvu. Dulani m'mawa mame atauma, dzuwa lisanakwere, ndi sizasi kapena mpeni wakuthwa. Musapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsamba nthawi imodzi, ndipo musadule mpaka pa mtengo wofiirira wopanda masamba chifukwa pamenepo nthawi zambiri sipaphukanso. Siyani masentimita 5 mpaka 8 a nthambi yobiriwira. Anthu ambiri amapha thyme wawo pomumweta mpaka pansi, kuganiza kuti aphuka monga umachitira minti.

Poumitsa, dzuwa ndi mdani. Mafuta onunkhira, makamaka thymol, yemwe amapezekanso mu mankhwala otsukira m'kamwa a Listerine, amauluka ndi kutentha, masamba n'kutsala ngati udzu wamba. Yalani nthambi mopyapyala pa lichero, muike m'nyumba podutsa mphepo, muzitembenuza tsiku ndi tsiku. Kapena mangani timitolo tochindikala ngati chala, mupachike mozondotsa pansi pa denga la udzu. Pansi pa malata penipeni pamatentha kwambiri. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala amauma pa masiku asanu mpaka khumi. Mukafikisa pakati pa zala masamba akuyoyoka okha, nthambi ikuthyoka kuti thyo, wauma. Musayanike pathandala la nsomba kapena pafupi ndi utsi wa kukhitchini, amatenga fungo. Pululani masamba, musawasinje, muwasunge m'botolo lagalasi lotseka bwino pamalo amdima. Muziwafikisa pokhapokha pothira mumphika. Amasunga fungo labwino miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka. Mu Januwale ndi Febuluwale musaumitse, amachita nkhungu. Kololani kwambiri mu Novembala mvula isanakhazikike, zomwe zimathandizanso kupepuza chitsamba monga ananenera Che Dimba.

Muyezo wake ndi uwu: wouma ndi wamphamvu katatu kuposa wamuwisi, ndiye supuni imodzi ya tiyi ya wouma ikufanana ndi supuni yaikulu ya wamuwisi. Thyme sataya kukoma pophika nthawi yaitali, choncho amalowa koyambirira, pamene mukukazinga anyezi. Pa kilogalamu imodzi ya nyama ya mbuzi, supuni imodzi ya tiyi ya wouma kapena tinthambi tisanu tamuwisi tathunthu, timitengo mumavuula pomaliza. Nkhuku ya chikuda yomwe imachedwa kupsa imagwirizana naye kwambiri. Mu nyemba, theka la supuni ya tiyi pa makapu awiri a nyemba zouma. Pa chambo chowotcha, chekani m'mbali mizere itatu, mupake mchere, adyo wosinja ndi madzi a mandimu, mulowetse tinthambi titatu kapena tinayi m'mimba, chikhale mphindi 20 chisanapite pamakala. Mukamwaza masamba kunja kwa khungu amapserera n'kuwawa. Kampango, poti ndi wamafuta, amalola wochulukirapo. Mu usipa ndi mu ndiwo zotendera ine sindikuona phindu lake, amaphimba kukoma kwa nsinjiro. Mukachulutsa, msuzi umamveka ngati mankhwala ndipo palibe chobwezera, ndiye yambani ndi wochepa.

Wa masamba onenepa uja, tsamba limodzi kapena awiri oduladula bwino amakwanira mphika wa banja. Sauma bwino chifukwa cha madzi ake, mugwiritseni ntchito wamuwisi.

Mlimi wa Maluwa, Monkey Bay:

Ndiwonjezere za tizilombo, chifukwa thyme akapulumuka mvula amakumana ndi za chilimwe. Kuyambira Sepitembala mpaka Novembala, kukatentha ndi kuuma, akangaude ofiira omwe amavuta tomato aja amasamukira pa thyme. Masamba amachita timadontho totuwa, kenako chitsamba chonse chimaoneka ngati chagwidwa fumbi, ndipo mukayang'anitsitsa pali timaukonde pansonga. Gwedezani nthambi pamwamba pa pepala loyera, muona timadontho tikuyenda. Musabzale thyme pafupi ndi tomato kapena mabilinganya. Akangoyamba, tsukani chitsamba ndi madzi amphamvu m'mawa kwambiri, masiku atatu otsatizana, kuti pofika masana chikhale chitauma. Zikakanika, sungunulani sopo wamba wochapira wodzaza supuni imodzi ya tiyi mu lita imodzi ya madzi, mupopere pansi pa masamba dzuwa litapepa, mawa lake mutsuke ndi madzi oyera. Madzi onyikamo masamba osinja a nimu usiku wonse amathandizanso, koma amawawa, ndiye dikirani mlungu musanakolole ndipo mutsuke bwino. Mankhwala opopera tomato kapena thonje musawayandikitse, chifukwa timasambati timadyedwa tonse ndipo sitisendeka.

Chinanso chobisika pa dothi lamchenga ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu timfundotimfundo. Ngati pamalopo munazulapo tomato kapena therere la mizu yotupa, musatengepo dothi lodzaza m'bedi kapena m'miphika. Dothi lokayikitsa linyowetseni, muliyale mopyapyala, muliphimbe ndi pulasitiki yoonekera mkati padzuwa la Okutobala kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, kenako mulisunge pouma kudikira Epulo.

Bedi lomwe thyme wanu anafera musabzalemonso thyme pa dothi lomwelo, nkhungu zija zimatsalira m'nthaka. Zitsamba zakufazo muziwotche, zisapite pa kompositi, ndipo miphika yakale muitsuke ndi madzi otentha n'kuiyanika padzuwa masiku angapo musanaikemo dothi latsopano.